Chikombole cha makandulo cha pa Kamuzu Road: zoti phula sathira kawiri n'zoona theka

Bambo amene amawotcherera zikombole za makandulo kuseri kwa msika wa pa Kamuzu Road ku Salima ali ndi mawu amodzi ogulitsira katundu wawo: "Ichi mayi, mukathira kamodzi basi mwamaliza. Zothiranso kachiwiri n'za anthu a mapaipi a pulasitiki." Aliyense wofika pa shedi yawo amamva zomwezo, ndipo amayi angapo a m'gulu lathu la banki nkhonde kuno kwa Kaphatenga akhala akundifunsa ngati n'zoona, asanatulutse ndalama zawo. Chikombolecho ine ndili nacho, ndipo khalidwe lake ndaliona m'chilimwe, m'dzinja ndi m'nyengo ya mwera. Dzina la bambowa sinditchula, poti zina zomwe ndinene si zoyamikira.

Chinthucho chili chonchi. Ndi mapaipi achitsulo 12 oimikidwa m'mizere iwiri, paipi iliyonse yotulutsa kandulo ya msinkhu wa zija timagula mu golosale. Pansi pa paipi pali kansonga kokhala ndi kabowo kopisamo chingwe, chifukwa kandulo imaumbidwa chozondoka, mutu pansi, thako m'mwamba. Kumtunda mapaipi onse amatsegukira m'kathireyi kamodzi, ndipo pamwamba pa kathireyiko padutsa timawaya tiwiri tomangirira zingwe kuti ziime pakati. Nkhani yonse ya "kamodzi basi" yagona pa kathireyi kameneka.

Phula likasungunuka limachuluka, likamazizira limaphwa. La parafini, loyera lija timagula m'mabuloko ku Lilongwe, limaphwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo palibe mmisiri angaletse zimenezo. Chovuta ndi malo amene limaphwera. Limayamba kuuma m'mbali momwe lakhudzana ndi chitsulo, komanso pamwamba pomwe likuombedwa ndi mphepo, monga phala lomwe lachita khungu pamwamba koma m'kati lingakuwotche lilime. Pakati, pomwe pali chingwe, ndi pomwe pamauma pomalizira. Pofika nthawiyo m'mbali monse mwagwira kale gwa, ndiye la pakatilo likamaphwa lilibe kokoka linzake, limangosiya mphako yotsata chingwe. Nthawi zina mphakoyo imaonekera, kadzenje pathako pa kandulo. Nthawi zina pamwamba pamatsekeka bwinobwino, posalala see, mphako ili phee m'kati. Yobisalayi ndi imene imandiopsa.

Nzeru ya kathireyi ndi yoti musalekezere pongodzaza mapaipi. Mumathira mpaka phula lisefukire m'thireyimo ndi kuchita kadziwe. La m'paipi likamaphwa limakoka la pa kadziweko, mphako imadzidzaza yokha. Zonse zikauma mumapala zotsalazo ndi mpeni, n'kuzibwezera m'poto. Makina a m'mafakitale a makandulo amayenderanso nzeru yomweyi, ndiye bambowa sanaipeke. Ndipo pa makandulo ang'onoang'ono a m'nyumba, tsiku lotentha lopanda mphepo monga mu Okutobala kuno ku Salima, kamodzi n'kokwaniradi. Ndang'ambapo makandulo otero ndi mpeni wotenthetsa, motsata chingwe, ndipo anali odzaza kuyambira kumutu mpaka kuthako. Pamenepo ndiwapatse ulemu wawo.

Koma kathireyi kawo n'kosaya. Kuya kwake sikukwana ndi sentimita imodzi yomwe, kaya ankasunga lata kaya sanaganizire. Phula lochepa, loyalidwa pabwalo, limazizira msanga kuposa lomwe lili m'paipi. Mu Juni ndi Julayi mwera ukamaomba, kadziwe kaja kamauma m'kati mwa mapaipi mukadali madzimadzi. Khomo latsekeka, palibenso chotsikira pansi, ndipo makandulo amatuluka okongola kunja koma opepuka m'manja. Mukaitukula kandulo yotero kuloza kudzuwa, mumaona mzere wowala wotsata chingwe kuchokera kuthako, nthawi zina kufika pakatikati.

Wina anganene kuti kabowo ka m'kati kali ndi vuto lanji, bola kandulo ikuyaka. Ndinayatsa imodzi yotero pa mbale yachitsulo n'kukhala pansi kuionerera. Poyamba imayaka bwino zedi, lawi lofatsa, osadontha. Moto ukafika pomwe payambira mphako, phula losungunuka lija limakhala mozungulira chingwe limangoti pholo, kulowa pansi. Chingwe chimatsala chachitali, chopanda chochiphimba, lawi limakwera tolotolo, utsi wakuda bii, kenako mbali imodzi imagumuka phula n'kuyenderera pa mbale. Theka lomalizalo limatha m'kanthawi kochepa. Ambiri mwa ogula makandulo athu amawamata pa botolo kapena pa windo, m'nyumba zofolera ndi udzu, ana akuwerenga pafupi ndi katani. Kandulo yosintha khalidwe pakati pa usiku si katundu woti ndigulitse munthu amene mawa ndikumana naye pa mjigo.

Nditabwerera ku shedi kukawafotokozera, yankho loyamba linali lakuti, "Mayi, ndiye kuti phula lanu ndi lachinyengo." Ndinatulutsa m'kachikwama makandulo awiri ong'amba, a buloko imodzi ya phula, ina youmba masana kotentha, ina youmba m'mawa kuli mwera. Anaziyang'ana, anazitembenuza, n'kuti, "Aaa, koma chaka chino ndiye kukuzizira." Nkhani inathera pomwepo. Anandiuza kuti angathe kukweza milomo ya thireyi ndikawonjezera kangachepe. Munthu wa mwano si iwo, kungoti sanaumbepo kandulo. Amadziwa chitsulo, phula amangolimva kwa makasitomala.

M'nyengo yozizira ndimachita izi: ndimaumbira m'nyumba, masana, mapaipi ndimayamba ndawaotcha padzuwa, ndipo ndikathira ndimavindikira chikombole chonse ndi katoni kuti pamwamba pachedwe kuuma. Ndikaona pakamwa pa paipi payamba kutsika, ndimaboola kakhunguko ndi kuwonjezera phula lotentha. Bambowa atha kuzitcha dzina lina, koma kumeneko ndi kuthira kachiwiri.

Pomwe mawu awo agweratu ndi pa chikombole chachikulu. Amapanganso cha paipi imodzi yonenepa, ya makandulo a kutchalitchi, aja amafunika kwambiri nthawi ya Pasaka ndi pa maukwati. Chimenechi chilibe ndi thireyi yomwe, koma malonda ake ndi omwe aja a kamodzi basi. Musamvere. Kandulo ikanenepa, phula la pakati limachuluka, limatenga maola kuti lizizire, ndipo dzenje lake limalowa chala chonse. Pano kuthira kachiwiri n'kosathawika, ndipo zonenepa kwambiri zimafuna kachitatu.

Kachitidwe kake ndikafotokoze bwino, chifukwa pamenepa ndi pomwe anthu amataya phula lambiri. Posungunula, sungani padera gawo lina, pafupifupi limodzi mwa magawo khumi lija, ndipo likhale la mphika womwewo. Mukadzasungunula lina la mawa, makamaka ngati mwaikamo utoto, mtundu sufanana ndipo kandulo imachita lamba. Mukathira koyamba, gogodani m'mbali mwa chikombole ndi supuni kuti thovu likwere. Kenako dikirani mpaka pamwamba pachite khungu lolimba, loti mukadina ndi chala likulowa pang'ono osaphulika, chitsulo chikadali chofunda. Tengani sipoko ya njinga, kapena waya wowongoka, mubaye mabowo atatu kapena anayi mozungulira chingwe, kulowa m'kati ndithu koma osafika pansi penipeni ndipo osakanda m'mbali. Mabowowa amatsegula mphako zobisika, mpweya utuluke, phula latsopano lipeze njira. Amathandizanso kuti chingwe chisakokedwere mbali imodzi phula likamaphwa, chifukwa chingwe chokhota chimayatsa kandulo chopendekera.

Phula lachiwiri likhale lotentherako kuposa loyamba, ndi madigiri asanu kapena khumi, kuti lisungunule pang'ono lomwe lauma n'kugwirana nalo. Likakhala lofunda chabe limangokhala pamwamba, ndipo tsiku lina thako la kandulo limathothoka lokha. La parafini lolimba limasungunuka cha m'ma 60°C ndipo pothira koyamba limakhala cha m'ma 80°C. Amene alibe choyezera kutentha ayang'ane ndi maso: lachiwiri likhale loyera mbee ngati madzi, lopanda kachifunga, loyenda mosavuta pa supuni. Thirani pang'onopang'ono m'dzenjemo, ndipo musapyole mzere womwe phula loyamba linalekezera. Kandulo ikamazizira imasiyana pang'ono ndi chitsulo, pamakhala kampata. Mukapyola mzerewo phula limalowa m'kampatako, limatsetsereka m'mbali, kandulo imatuluka ndi zipsera, kapena imakaniriratu m'chikombole mpaka muiwotche kunja kuti ituluke.

Nthawi yake ndi imene imavuta kuphunzitsa munthu. Mukafulumira, zonse zikadali madzimadzi, lachiwirilo limangosakanikira ndi loyamba n'kuphwera limodzi, dzenje limabweranso. Mukachedwa mpaka m'mawa, kampata kaja katseguka kale. Ola lake silidziwika, chifukwa kuzizira kwa kandulo pa khonde la ku Senga Bay mu Novembala n'kosiyana ndi kwa mu Julayi. Chala ndi chimene chimakuuzani.

Ndipatukeko pang'ono. Phula musamasungunule poto ali pa makala mwachindunji. Ikani chitini cha phula m'sefuliya ya madzi, sefuliyayo ndiyo ikhale pa mbaula. Madzi owira sapyola 100°C, choncho phula silingatenthe mpaka kugwira moto. Likagwira moto musathirepo madzi, limathovoka n'kumwaza motowo. Vindikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Bambo wa zikombole sauza munthu zimenezi, ndipo ndikuona kuti wogulitsa chida chotere amayenera kutchulako.

Makandulo a m'matambula ndi m'mabotolo odulidwa, omwe malo ogona alendo a ku Senga Bay amakonda kuika pa matebulo, nkhani yake n'njosiyana pang'ono. Amenewa sazondoka, ndiye dzenje limabwera pamaso penipeni, mozungulira chingwe. Palibe thireyi, palibe kupala. Ndi phula la parafini mudzathira kachiwiri basi, kochepa, kongophimba pamwamba, ndipo galasi muyambe mwalifunditsa kuti phula lisachite mizere m'mbali.

Mtundu wa phula umasintha zambiri. La njuchi ndimalipeza apo ndi apo kwa alimi a njuchi a kufupi ndi nkhalango ya Thuma, ena amabwera nalo kuchokera ku Nkhotakota. Limasungunuka pa 62 mpaka 64°C, fungo lake ndi la uchi, limayaka nthawi yaitali, ndipo siliphwa kwambiri ngati la parafini. Kadzenje kake n'kochepa, pa makandulo oonda thireyi imakwanira ngakhale kukuzizira. Koma posaphwa kwambiripo ndi pomwe limavutira m'chikombole ichi, chifukwa limakakamira ku chitsulo. Mapaipi muyenera kuwapaka mafuta ophikira ndi kansalu kokulunga pa waya, apo ayi mudzakoka chingwe n'kutsala nacho m'manja. Likazizira mofulumira limang'aluka pamwamba, ndipo mukalitenthetsa mopyola cha m'ma 85°C limada. Muyambe mwalisefa pa kansalu ka chitenje, muli zinyalala zambiri za m'ming'oma.

La soya, lomwe atsikana amaliona pa Facebook ndi pa YouTube akulitama kuti ndi lothira kamodzi, n'zoona kuti m'tambula nthawi zambiri limauma losalala. Koma ndi lofewa, limasungunuka cha m'ma 50°C. Kandulo yoima payokha njovuta kupanga nalo, ndipo pa benchi ya malonda pa Kamuzu Road masana a mu Okutobala lingayambe kuchita thukuta musanagulitse. M'chikombole ichi lilibe malo.

Kutentha kwa kuno n'komwe kumatikakamiza kuika stearic acid, ufa woyera uja, pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi a phula. Umalimbitsa kandulo kuti isapindike m'katoni, imayera bwino, ndipo imatuluka mosavuta m'paipi. Imatuluka mosavuta chifukwa yaphwa kwambiri, ndiye dzenje nalonso limakula. Amene amaika ufawu n'kumakhulupirira za kamodzi basi, ang'ambe kandulo imodzi aone.

Chifukwa chomwe mawu a bambowa amakomera anthu ndikuchimvetsa. Ambiri tinalowa ntchitoyi mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati (MW) 130. Makandulo ankayenda malonda ngakhale kuno komwe tili ndi solar ya 60 MW ku Nanjoka, yomwe inatsegulidwa mu 2021. Nthawi imeneyo chilichonse chokhala ndi chingwe chinkagulidwa. Kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo phula la parafini, poti limachokera ku mafuta a pansi ndipo limabwera kuchokera kunja, linakwera nalo limodzi. Kuthira kachiwiri kumadya phula, makala ndi nthawi. Ndikudziwa anzanga ena amene mphako ija amaiona koma amangotseka pathako ndi supuni yotentha, kandulo n'kupita kumsika. Pa katoni yonse amapulumutsa phula la makandulo angapo. Sindiwaweruza kwambiri, zinthu zavuta, koma wogula si mwana. Akaona kuti za mayi uje zimatha msanga, amasamukira pa benchi ina osakuuzani chifukwa, ndipo masiku ano ali ndi kothawira, tochi za mabatire ndi timagetsi ta solar tadzaza msika.

Za kapangidwe ka chikombolecho, mwachidule. N'cholimba, chagwapo pa kabaza osapindika. Miyendo yake sinali yofanana, ndimachirikiza ndi kachidutswa ka katoni, apo ayi phula la m'thireyi limathawira mbali imodzi ndipo mapaipi a mbali inayo amasowa chokoka. Mapaipi ndi aja a waya wa magetsi, ali ndi msoko m'kati womwe umasiya kamzere pa kandulo iliyonse. Ogula a m'mudzi alibe nazo ntchito, koma a kutchalitchi amaziona. Timabowo ta zingwe n'tatikulu pang'ono, phula limadontha, ndiye ndimamanga mfundo pa chingwe n'kumata ndi sopo wofewa. Chingwe sagulitsa, ndipo musapusitsidwe ndi thonje lomwe timalima kunoli n'kumapota lanu, chimafunika choluka, chomwe chimapinda nsonga chikamayaka n'kudzitentha chokha. Dzimbiri ndilo mdani wamkulu. M'dzinja, ndi chinyezi cha kufupi ndi nyanja, mukachisiya chosapaka mafuta makandulo oyamba amatuluka ofiirira. Mapaipi a aluminiyamu akadakhala bwino, sachita dzimbiri ndipo amataya kutentha mofanana mbali zonse, koma bambowa akuti alibe makina owotcherera aluminiyamu.

Mtengo ndinauona woyenera, wotsika kwambiri poyerekeza ndi zikombole zochokera kunja zomwe ndinaziona ku Lilongwe, ndipo amalola kulipira kawiri. Kusunga tsiku ndiye ayi. "Mubwere mawa mayi" wawo munthu umalipira naye kabaza maulendo angapo, ndiye imbani foni musananyamuke, ndipo muwafunse ngati chapakidwa kale penti, osangoti ngati chatha.

Kwa amayi a m'gulu amene akufuna makandulo wamba ogulitsa pa benchi, chikombole cha mapaipi 12 chija ndi chogula, bola muwauze pochiitanitsa kuti thireyi ikhale yakuya masentimita atatu, miyendo ayezere pa simenti yosalala inu mukuona, ndipo timabowo aboole ndi chingwe chanu chili pomwepo kuti ayese. Chachikulu cha kutchalitchi ndikadakonda akadawotchererapo kakolala pamwamba, kotalikirapo kuposa kandulo, koti phula lapadera lizikhalamo. Ndinawajambulira pa pepala la simenti, anati ayesa akapeza paipi yonenepa ku Lilongwe, poti pa Kamuzu Road ya saizi imeneyo yasowa.